Phanga Lomangidwa ndi Mawu

 Madzulo ano ndikupemphani kuti musendere pafupi ndi wailesi, pakuti nkhani yathu ititengera kutali, pansi pa nthaka ya dziko la America.

Tikamva za masewera a pa kompyuta, ambiri a ife timaganiza za mpira, za galimoto zothamangitsana kapena za asilikali owomberana, masewera ofuna maso akuthwa ndi zala zachangu. Koma ulipo mtundu wina umene sufuna liwiro konse. Pa Chingerezi amautchula kuti adventure, ndiye kuti ulendo wopita kumalo osadziwika. M'masewera a mtundu umenewu kompyuta imakuuzani pamene mwaima ndi zinthu zimene zili pafupi nanu, kenaka imakhala chete kudikira kuti inu munene chimene mukufuna kuchita. Mukhoza kuganiza mphindi imodzi, mukhoza kuganiza sabata yathunthu, iyo sitopa. Masewera oyamba enieni a mtundu uwu adalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Adali mawu okhaokha, monga momwe ilili wailesi mukumverayi.

Kuti timvane bwino, tayerekezani kuti pagalasi la kompyuta palembedwa motere: "Mwaima pabwalo la sukulu yakale. Dzuwa lalowa. Kumpoto kuli chitseko, kum'mawa kuli chitsime. Pansi pali nyali." Inu mutayipa kuti, "Tenga nyali." Iyo iyankha, "Mwatenga nyali." Inu muti, "Tsegula chitseko." Iyo iti, "N'chokhoma, ndipo mulibe kiyi." Inu muti, "Pita kum'mawa." Iyo iti, "Mwafika pachitsime. Pansi pa madzi pakunyezimira kanthu, koma chingwe cha ndowa chidaduka."

Ndikhulupirira kuti ena mwa inu mwayamba kale kuganiza za kumene mungapeze chingwe. Ngati ndi choncho, ndiye kuti masewera akugwirani. Pa nthano zathu wokamba amati "Padangotero," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," koma ngakhale tivomere mokweza chotani, Kalulu adzachitabe zimene wokambayo adakonza. Pano zinthu n'zosiyana. Womvera ndiye amene akuyenda m'nthanomo, ndipo akapanda kusuntha, nthano nayonso imaima.

Mtundu umenewu wa masewera sudayambire m'kampani yofuna phindu. Udayambira kwa munthu mmodzi amene ankachita zimenezi pa nthawi yake yopuma, ndipo dzina lake ndi Will Crowther. A Crowther ankagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ya Bolt Beranek and Newman mu mzinda wa Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts. Iwo adali m'kagulu kamene m'chaka cha 1969 kadakonza makina olumikiza makompyuta a m'masukulu a ukachenjede ndi malo ofufuzira nzeru. Kulumikizana kumeneko kunkatchedwa ARPANET, ndipo ndiko kudabala intaneti. Koma akaweruka kuntchito, iwo ndi akazi awo, a Patricia Crowther, ankakonda chinthu chimene ambiri a ife tikhoza kuchiwona ngati misala: kulowa m'mapanga, kukwawa chafufumimba m'matope ndi mumdima, kuyeza njira za pansi pa nthaka ndi kujambula mapu ake.

Mapanga amene ankapitako ndi a ku Kentucky, kumene kuli Mammoth Cave, phanga lalitali koposa onse odziwika pa dziko lapansi, limene njira zake zoyezedwa kale zimapitirira makilomita 650. M'chaka cha 1972 a Patricia Crowther, pokhala mayi wa thupi laling'ono, adadzipanikiza pa kampata kena kamene anzawo adalephera kudutsa, ndipo zimene adapeza kutsidya kwake zidathandiza kutsimikiza kuti mapanga a Flint Ridge ndi a Mammoth ndi olumikizana. Banja limeneli linkagwiritsanso ntchito kompyuta pojambula mapu a zigawo zimene gulu lawo lidayeza, ndipo chimodzi mwa zigawozo chinali cha Bedquilt, m'phanga lotchedwa Colossal Cave.

Patapita zaka zochepa ukwati wawo udatha. A Crowther adasiya kulowa m'mapanga, ndipo ana awo awiri aakazi sankakhala nawonso masiku onse. Pakati pa chaka cha 1975 ndi 1976 bamboyo adakhala pansi kulemba kanthu koti anawo azisewera akabwera kudzacheza. Adatenga phanga limene ankalidziwa ngati chikhatho cha dzanja lawo n'kulilemba m'mawu, chipinda ndi chipinda. Adaikamo chuma chobisika, timizimu tatifupi toponya nkhwangwa ndi mipeni, ndi mawu amatsenga, potengera masewera ena a patebulo otchedwa Dungeons and Dragons amene ankasewera ndi anzawo. Adalemba m'chinenero cha makompyuta chotchedwa FORTRAN, pa kompyuta yaikulu ya PDP-10, makina ofuna chipinda chawochawo, amene munthu wamba sakadatha kugula. Popeza ankafuna kuti ngakhale mwana wosadziwa za makina asewere, adakonza zoti kompyutayo izimva malamulo a mawu awiri a Chingerezi cha masiku onse, mneni ndi dzina. Ndipotu siinkawerenga mawu onse ayi. Inkangoyang'ana zilembo zisanu zoyambirira za liwu lililonse.

Ndikufuna tiime pang'ono pa chopinga chimodzi cha m'masewera amenewa, chifukwa luso lonse la ntchito iyi likuwonekera pamenepa. Mutalowa m'phangamo mumapeza kakhola kambalame kopanda kanthu. Mukapita patsogolo mumapeza ndodo yakuda. Munthu aliyense amatola zonse ziwiri, pakuti paulendo wotere sutaya kanthu. Patsogolo pake mumapeza kambalame kakuimba, ndipo mukafuna kukagwira kamachita mantha, osagwirika. Mukapitirira mumafika m'chipinda chachikulu mmene njoka yoopsa yatseka njira. Kuimenya sikuthandiza. Wosewera amazungulira, amabwerera, amayesa ichi ndi icho, mpaka tsiku lina azindikira kuti chimene mbalame ikuwopa si iye ayi, koma ndodo imene wanyamula. Akaika ndodo pansi, mbalame ilola kulowa m'kakhola. Akaitulutsa pamaso pa njoka, kambalame kaja kaithamangitsa njokayo, njira n'kutseguka. Ndodo ija nayonso siidaikidwe pachabe, pakuti mukaigwedeza m'mphepete mwa chiphompho china, mlatho umaoneka.

Taonani mmene zinthu zinayi izi zalukidwira pamodzi ngati nsungwi za dengu. Palibe chimene chabisidwa. Zonse wosewera waziona ndi maso ake, ndipo chimene chikumusowa ndi kuzindikira kokha. Ndagi yabwino imatero. Wina akati "Nyumba ya amayi yopanda khomo," ife n'kulephera, ndiye atiuze kuti ndi dzira, sitikwiya. Timaseka n'kudzimenya pamphumi, chifukwa dzira timaliona tsiku ndi tsiku.

A Crowther sadaganize zogulitsa ntchito yawoyi. Adaisiya pa kompyuta ya kuntchito, ndipo anthu adayamba kukoperana kudzera pa ARPANET. Kenaka wophunzira wina wa pa yunivesite ya Stanford ku California, a Don Woods, adaipeza ndipo adafuna kuiwonjezera. Koma mwini wake akamupeza kuti? Adangodziwa dzina lokha. Tsono adatumiza kalata ya pa kompyuta yopita kwa munthu wotchedwa Crowther pa makina onse amene adali olumikizidwa masiku amenewo, ndipo poti makinawo adali owerengeka, kalata imodzi idafika. A Crowther adavomera. A Woods adakulitsa phangalo, chuma chidachoka pa zinthu zisanu kufika pa khumi ndi zisanu, ndipo adaika malikisi 350 oti munthu apeze akamaliza zonse. M'chaka cha 1977 masewerawa, amene tsopano ankangotchedwa Adventure, adafalikira ngati moto wa lupsa m'masukulu a ukachenjede ndi m'maofesi okhala ndi makompyuta. Dzina limeneli ndilo lidasanduka dzina la mtundu wonse.

Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, mphunzitsi wina wa Chingerezi, a Dennis Jerz, adafufuza mpaka pulogalamu yoyambirira ya a Crowther idapezeka m'zosungidwa zakale za ku Stanford. Iwo adalowanso m'phanga lenileni la ku Kentucky, ndipo m'chaka cha 2007 adalemba zimene adaona: zipinda zambiri za m'masewera zilipodi, zotsatana monga mmene a Crowther adazilembera. Kwa ine apa ndiye pagona chinsinsi. Malo aja amamveka enieni chifukwa wolemba wake adawakwawa ndi mawondo ake.

Amene adasewera Adventure ambiri sadakhutire ndi kusewera kokha, adafuna kupanga awoawo. Pa sukulu ya MIT anyamata anayi, a Tim Anderson, a Marc Blank, a Bruce Daniels ndi a Dave Lebling, adayamba mu 1977 kulemba Zork, amene ankamva chiganizo chathunthu m'malo mwa mawu awiri, ndipo ena mwa iwo adakhala nawo poyambitsa kampani ya Infocom mu 1979. Ku Florida a Scott Adams adapanikiza ulendo wonse m'kakompyuta kam'nyumba ka TRS-80, kamene kankasunga zilembo pafupifupi 16,000 zokha pa nthawi imodzi. Kuti muone kuchepa kwake, nkhani ndikukambayi, itati ilembedwe yonse, sikadakwanamo. Masewera awo a Adventureland adatuluka mu 1978, ndipo ankagulitsidwa pa makaseti onga oimbira nyimbo.

Ku California komweko mayi wina wapakhomo, a Roberta Williams, adasewera Adventure pa makina amene amuna awo a Ken ankabwera nawo kunyumba kuchokera kuntchito. Mayiwa sadali katswiri wa mapulogalamu. Adatenga mapepala n'kujambula nyumba yaikulu, zipinda zake, anthu ake ndi chiwembu chopha anthu chimene wosewera ayenera kuchivumbula, kenaka adaumiriza amuna awo kuti azilembe pa kompyuta ya Apple II. Iwo adati pakhalenso zithunzi. Zidali zithunzi za mizere yokhayokha, zonga zojambula za mwana pa sileti, koma Mystery House, amene adatuluka mu 1980, adagulidwa ndi anthu oposa 10,000, ndipo banjali lidakhazikitsa kampani imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina loti Sierra. Kuyambira pamenepo zithunzi zidanka zikula ndi kukongola, mawu adanka achepa, ndipo m'malo motayipa anthu adayamba kuloza chinthu pagalasi. Pofika 1989 ofesi ya Infocom, imene idatchuka ndi masewera a mawu okhaokha, idatsekedwa.

Amalonda atachoka, ntchitoyi idabwerera kumene idachokera, m'manja mwa anthu oichita chifukwa choikonda. Njira inali italambulidwa kale. Mu 1983 ku Wales a Graeme Yeandle adalemba pulogalamu yotchedwa The Quill, imene inkalola munthu wosadziwa chinenero cha makompyuta kupanga ulendo wakewake pa kakompyuta ka ZX Spectrum, ndipo ana asukulu ndi akuluakulu a ku Britain adapanga masewera mazanamazana m'zipinda zawo zogona. Mu 1993 a Graham Nelson, katswiri wa masamu wa ku Oxford, adatulutsa Inform n'kuipereka kwaulere. Mu 1995 udayamba mpikisano wa chaka ndi chaka wa masewera a mawu wotchedwa Interactive Fiction Competition, mmene oweruza ndi osewera wamba, ndipo amapereka malikisi atasewera maola osapitirira awiri. Kwa ofuna zithunzi, a Chris Jones a ku Britain adayamba mu 1997 chipangizo chimene chimatchedwa Adventure Game Studio. Anthu osaona nawonso amasewera masewera a mawu, chifukwa kompyuta imatha kuwawerengera mokweza zolembedwa pagalasi.

Nanga munthu akafuna kupanga masewera otere amayambira pati? Sayambira pa kompyuta. Amayambira pa pepala ndi pensulo. Ajambule mabokosi, lililonse kuimira malo amodzi, ndipo awalumikize ndi mizere yosonyeza njira za kumpoto, kumwera, kum'mawa, kumadzulo, kukwera ndi kutsika. Woyamba kumene asapitirire malo khumi kapena khumi ndi awiri. Ambiri amene amalephera amalephera chifukwa chofuna kumanga dziko lonse lapansi, ndipo amatopa asanafike ndi pakhomo pomwe. Ndipo asankhe malo amene akuwadziwa, monga adachitira a Crowther: msika wa kwawo, sukulu imene adaphunzirako, doko la asodzi, munda wa agogo. Munthu amene adakhalako pamalo amadziwa kuti kuseri kwa nkhokwe kumamera chisoso ndi kuti chitseko cha khitchini chimalira potsegula, ndipo tinthu totere ndi timene timachititsa wowerenga kukhulupirira kuti waimadi pamenepo.

Malo aliwonse alembedwe m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ife a pa wailesi lamulo ili timalidziwa: womvera saona kanthu kupatula chimene wauzidwa, ndipo chilichonse chimene wauzidwa amachiyesa chofunika. Mukalemba kuti pakona pali mtondo, dziwani kuti wosewera adzafuna kuyang'ana mu mtondomo, kuunyamula, kuugubuduza, ngakhale kukhalapo. Kompyuta ikayankha kuti sikudziwa chimene mtondo uli, pamene ndiyo yautchula, maloto onse amathera pomwepo. Motero liwu lililonse limene mwalemba ndi ngongole imene muyenera kubweza.

Kenaka pamabwera zopinga. Njira yabwino ndiyo kuyambira kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Tibwerere ku sukulu yathu yakale ija. Tinene kuti cholinga n'kutenga belu limene lili m'kati. Kuti mulowe pafunika kiyi. Kiyi ali m'chitsime. Kuti mumuvuule pafunika chingwe. Chingwe chamangiridwa mbuzi pa mtengo wa mango, ndipo mukangoimasula mbuziyo ithawira m'munda wa eni ake, mwini munda n'kukulandani chingwecho. Ndiye muyenera kuyamba mwapeza madeya kuti mbuzi itanganidwe. Mwaona kuti zopinga zinayi zabadwa kuchokera ku cholinga chimodzi, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chomveka kwa aliyense amene adawetako mbuzi. Pa pepala lina mulembe ndandanda ya chimene chiyenera kuchitika china chisanachitike, kuti mungatsekere kiyi m'chipinda chomwecho chimene kiyiyo akutsegula. Musaseke, zolakwa zoterezi zimachitika ngakhale kwa akatswiri.

Tsopano ndifike pa nkhani imene okonda masewerawa akhala akukangana kwa zaka zambiri, nkhani ya chilungamo. Wokonza ali ndi mphamvu zonse. Akhoza kupha wosewera popanda chenjezo. Akhoza kumulola kudya mkate m'chipinda choyamba, osamuuza kuti mkatewo udzafunika m'chipinda cha makumi asanu, kotero kuti munthu amayenda masiku ambiri m'masewera amene sangathenso kuwamaliza, iye osadziwa. Masewera ambiri akale adali ndi nkhanza zotere. Mu Adventure momwemo nyali imatha mphamvu mukachedwa, simunganyamule zinthu zoposa zisanu ndi ziwiri, ndipo muli chigawo cha tinjira tokhotakhota mmene zipinda zonse zimafotokozedwa ndi mawu ofanana. Osewera adatulukira nzeru yosiya chinthu chimodzi m'chipinda chilichonse ngati chizindikiro, n'kumajambula mapu pang'onopang'ono. Poyamba zidali zosangalatsa, koma otsanzira atayamba kuika tinjira totere m'masewera aliwonse, zidasanduka ntchito yakalavulagaga.

Mu 1989 a Ron Gilbert a ku kampani ya Lucasfilm adalemba nkhani yodzudzula zizolowezi zimenezi, ndipo masewera awo a The Secret of Monkey Island, a mu 1990, adakonzedwa mwakuti wosewera sangatsekeke pa njira yopanda potulukira, ndipo kufa n'kovuta kwambiri. A Graham Nelson adalemba mndandanda wa zimene adazitcha ufulu wa wosewera, monga kusaphedwa popanda chenjezo ndi kusafunsidwa kuchita zinthu zimene munthu wanzeru zake sangaziganize. A Andrew Plotkin adakonza muyeso wa masitepe asanu, kuyambira pa masewera achifundo mpaka pa ankhanza, kuti munthu adziwiretu chimene akulowamo. Maganizo anga ndi akuti kuvuta si mlandu. Chopinga chikhoza kumusunga munthu sabata yonse, ndipo chimwemwe chake pochigonjetsa chimakula molingana ndi thukuta lake. Mlandu ndi pamene yankho, litaululidwa, silimveka. Pa ndagi olephera amapereka ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho, ndipo yankholo likakhala lopanda mutu, mawa lake palibe amene amavomeranso woponya ndagi ameneyo.

Komabe ndivomereze kuti pali chopinga china mu Adventure chimene chimaswa malamulo onsewa koma ndimachikonda. Mumakumana ndi chinjoka chachikulu chogona pa mkeka wamtengo wapatali. Mukalamula kuti chiphedwe, kompyuta imakufunsani monyodola ngati mukufuna kuchipha ndi manja anu okha. Funso lomweli imafunsanso pa adani ena, ndiye aliyense amaliyesa chipongwe chabe, n'kupita kukafuna chida. Chikhalirecho yankho ndi kungovomera kuti inde. Mukatero chinjoka chija chimafa, ndipo kompyuta yomwe imadabwa nanu.

Ntchito yotopetsa koposa ndi ya mawu. Wokonza ayenera kulota mawu onse amene munthu wina angagwiritse ntchito. Iye adalemba kuti "tenga," koma wosewera atayipa "tola," wina "nyamula," wina "gwira." Onsewa akunena zoona, ndipo kompyuta ikawakana, cholakwa si chawo. Apa mpamene wofuna kulemba m'Chichewa adzakumana ndi phiri lakelake. Zipangizo monga Inform zidamangidwa pa Chingerezi, mmene mneni wolamula sasintha kawirikawiri ndipo mawu oimira chinthu amaima paokha. Ife timalowetsa chinthucho m'kati mwa mneni. Nyali timati "itenge," chingwe "chitenge," madeya "atenge," dengu "litenge," kambalame "katenge," ndipo polemekeza timawonjezera kuti "itengeni." Kompyuta yongoyang'ana zilembo zisanu zoyambirira, ngati ya a Crowther ija, ikhoza kuyesa kuti amenewa ndi mawu asanu osiyana. Ndipo wosewera wa ku Chipata akatayipa "chitenge," kodi akulamula kuti chingwe chitengedwe kapena akunena nsalu yovala amayi? Zimenezi n'zotheka kuzikonza, pakuti anthu a zinenero zina monga Chisipanishi, Chifalansa ndi Chijeremani adamasulira Inform m'zinenero zawo, koma pafunika munthu wodziwa bwino magulu a mayina ndi agwirizanitsi ake, amene angaphunzitse makina kusenda mneni mpaka atapeza tsinde.

Ilipo njira yachidule yozemba phiri limeneli. Mu 2009 a Chris Klimas adatulutsa chipangizo chaulere chotchedwa Twine. M'menemo wosewera satayipa kanthu, amangosankha pa mawu amene wolemba waika, monga "Lowani m'nyumba" kapena "Pitani kuchitsime," ndipo nkhani imapita kumene wasankhako. Popeza kompyuta sikufunika kumva chinenero, mukhoza kulemba m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao popanda vuto, ndipo zotuluka zake zimawerengeka ngakhale pa foni ya m'manja. Pali chimene chimatayika, sindibisa. Pamene mayankho onse aikidwa poyera, chimwemwe chija chotulukira wekha kuti mbalame ikuwopa ndodo chimachepa. Koma kwa woyamba ndi khomo labwino lolowera.

Ndipo amene alibe kompyuta kapena foni asazime wailesi poganiza kuti nkhaniyi si yawo. Masewera amenewa amatheka ndi kope limodzi ndi anthu awiri. Wokonza agwire mapu ake mobisa, akhale ngati kompyuta, aziwerenga malo ndi kuyankha malamulo, osawonjezera kapena kuchotsa pa zimene adalemba. Mnzakeyo azilamula ndi kujambula mapu akeake pamene akuyenda. Aphunzitsi angaone okha phindu lake m'kalasi, pa kulemba mafotokozedwe, pa kudziwa mbali zinayi za dziko ndi pa kuganiza motsatana. Ndipotu ngakhale amene ali ndi makina ayenera kuyamba motere, chifukwa palibe wokonza amene angayese yekha ntchito yake. Iye amadziwa mayankho onse, ndiye kwa iye zonse n'zapafupi. Mupatseni mnzanu asewere, inu mukhale pambali ndi pensulo, pakamwa mutatseka. Kutseka pakamwako ndiko kovuta. Mudzamuona akudutsa madeya kasanu osawatola, akuyesa kukwera mtengo wa mango umene inu simudaganize kuti wina angaukwere, akuyesa kukama mbuzi. Musamuthandize. Lembani chilichonse chimene wayesa, pakuti mndandanda umenewo ndiwo ntchito yanu ya mawa. Akatha ola lathunthu pa chopinga chimene inu mumachiyesa chophweka, musati ndi wopusa. Bwererani ku mawu anu mukaone chimene simudamuuze.

Kwa osewera langizo ndi lakale lomwe lija: jambulani mapu, yang'anitsitsani chinthu chilichonse, sungani masewera anu musanachite chinthu choopsa, ndipo mukakanika pitani mukagone. Mayankho ambiri amabwera m'mawa posamba. Pa intaneti pali mayankho a pafupifupi masewera onse otchuka, koma amene wathamangira kumeneko ali ngati munthu wopereka ng'ombe ndagi isanathe kuponyedwa.

Phanga la a Crowther likadalipo. Mu 2017 pulogalamu yake idatulutsidwanso, ndi chilolezo cha a Crowther ndi a Woods, kuti aliyense aitenge kwaulere, ndipo mu 2023 a Roberta ndi a Ken Williams, atapuma pa ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri, adatulutsa Colossal Cave ya zithunzi, phanga lomwe lija limene lidawakopa poyamba. Amene mudzalowemo ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Anthu ambiri adatola chuma chonse, adagonjetsa zopinga zonse, koma adathera pa malikisi 349. Limodzi lotsalalo lidavutitsa anthu kwambiri, mpaka ena adachita kusanthula pulogalamu yeniyeniyo mzere ndi mzere kuti alipeze. Lili pa magazini ena akale amene ali m'chipinda china cha pansi, ooneka opanda ntchito, amene muyenera kuwanyamula n'kukawasiya pamalo otchedwa Witt's End. Kulowa pamalopo n'kosavuta, koma za katulukidwe kake sindikuuzani.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tsalani bwino, mugone bwino nonse.